Asilikali a Enerst Amaika Maliro

Mlongo wanga Enerst amakonza malaputopu ndi mafoni m'kashopu kena kuseri kwa msika wa ku Area 23, moyandikana ndi ogulitsa makala. Ndi munthu wamtali, wowonda, magalasi ake omanga ndi waya mbali imodzi. Ntchito amaidziwa, pamenepo sindingamunamizire. Koma ngati foni yanu mukuifuna tsiku lomwelo, chonde musayerekeze kumufunsa za Aroma akale. Mukhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, foni yanu ili chiphwasulire, iye akukufotokozerani kulemera kwa chishango cha anthu amene anafa Yesu asanabadwe.

Ine ndine Tina, mlongo wake wamkulu. Ndimagulitsa kaunjika pamsika womwewo ndipo timakhala mpanda umodzi, iye nyumba yakumbuyo, ine yakutsogolo. Tinabadwa atatu kwa Kaphuka ku Dedza, ine, Enerst ndi mzime wathu Medson. Nkhani ya Enerst siingamveke popanda Medson, ndiye ndiyambe ndi yowawayo.

Medson anapita ku Joni kukagwira za zomangamanga, ndipo anamwalira komweko nthawi ya korona, malire atatsekedwa. Anzake a Chimalawi anauzidwa kuti thupi silingayende. Panali njira ziwiri, kumuika kumanda a anthu osadziwika kapena kumuwotcha kuti phulusa lidzabwere kwawo. Anaimbira Enerst, poti nambala yake ndi imene inali pamwamba m'foni ya malemu. Enerst, ali yekha m'shopu, mutu utaima, anavomera zowotchazo. Sanafunse amayi, sanafunse atsibweni athu a Levi, mlongo wawo wa amayi, amene kwathu ndi eni mbumba ndipo nkhani ya maliro imayambira kwa iwo. Ngakhale ine wa mpanda umodzi ndinamva zitatha kale.

Kabokosi kanabwera ndi dalaivala wa thiraki, katakulungidwa m'bulangete. Abale inu, munthu amene ankanyamula matumba awiri a simenti pakamodzi, ine ndinamunyamula ndi dzanja limodzi. Tinapita nako kumudzi. Amayi anakayang'ana kanthawi, osakakhudza, nkunena kuti mwana wawo anachoka ali ndi miyendo ndi nkhope, ichi sakuchidziwa. Sanalire olo dontho. Atsibweni a Levi si munthu wovuta, koma anatambasula manja nkutifunsa kuti apita bwanji kwa amfumu kukapempha manda pomwe mayi wa mwana sanalire, nkhope palibe waiona, komanso iwo sanauzidwe. Kabokosi kanabwerera nafe ku Lilongwe, Enerst nkukaika pamwamba pa wodilopu kuchipinda kwake.

Kanakhala pamenepo zaka. Amayi ankatiuza kuti Medson adzaimba, mwina foni anangotaya. Mtsikana wina wa ku Biwi amene Enerst ankafuna kumukwatira atamva chomwe chili pa wodilopu sanabwerenso, ndipo ine sindimunena. Inenso kuchipindako sindinkalowa. Chomwe tinkafuna tonse chinali chimodzi basi, kuti Medson akagone kumanda a kwathu pafupi ndi abambo, koma nthawi iliyonse tikaitchula nkhaniyi kumudzi, amayi ankadzuka kukayang'ana mbuzi.

Tsono za Aromazo. Enerst kuyambira kusekondale mbiri yakale inali ngati matenda kwa iye. Folomu 4 anakhoza bwino koma ku yunivesite sanatengedwe, anaphunzitsako pa kasukulu kena kapulaiveti ku Area 25 mpaka kanatsekedwa, kenako nkuphunzira zokonza mafoni. Laputopu ina imene mwiniwake anaitaya mtima anaidzutsa nkuikamo gemu ya nkhondo. Mumasankha mtundu wa anthu akale, nkumamanga mizinda, kulima, kutsogolera asilikali. Eni ake gemuyo anaisiya poti odziwa angathe kusintha zam'kati, ndipo zosinthazo amazitcha modi. Enerst analowa gulu la pa intaneti la anthu opanga modi ya Aroma, anthu amene sanawaonepo maso ndi maso, ena a ku Ulaya, ena kaya kuti. Salipidwa kanthu, bandulo amagula yekha. Ndinamufunsapo ngati mutu wake uli bwino.

Dandaulo lake linali lakuti Aroma a m'gemumo anali abodza. Onse ovala zofiira ngati kwaya, atavala malaya achitsulo amene pa nthawiyo anali asanapangidwe, othamanga mapiri ndi madambo osadya, opambana nkhondo pongothamangira adani chigulu. Iye ankati wosewera akatenga Aroma sankafunikanso kuganiza, ndipo chimenechi chinkamupweteka ngati anamizira agogo ake. Ndiye anayamba kukonza chimodzichimodzi. Anawaika m'mizere itatu, anyamata kutsogolo, akuluakulu kumbuyo, otopa azibwerera ena nkulowa. Anawapatsa nthungo zoponya zimene zikabaya chishango zimapindika, mdani nkukakamizika kuchitaya. Anawasenzetsa tirigu, mapoto ndi zikhomo, moti anayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati anthu ochokera kuchigayo. Dzuwa likapendeka ankaima nkukumba ngalande kuzungulira msasa. Tirigu akatha, asilikali ankafooka, ena nkuthawa.

Pa ntchitoyi anali ndi mnzake mmodzi wooneka ndi maso, Anwar, telala wa ku Kawale wochokera ku Mangochi. Anwar amajambula bwino, ndiye iye ndi amene ankajambula zovala ndi zishango, komanso ankasewera modiyo kuti aone pomwe pakuvuta. Loweruka masana akatseka makina ake ankabwera kwathu, awiriwo nkukhala pakhonde kumakangana za nsapato za msilikali ngati pali amene adzazivale. Magetsi akathima ankapitiriza kukangana pakamwa. Osewera ambiri anaikonda ntchito yawo. Ankati tsopano ukatenga Aroma umatuluka thukuta, ukapambana umadziwa kuti wapambana ndi nzeru.

Chinthu chinasintha kabokosi kaja katabwerera. Enerst anayamba kuona chimene kale sankachiona. M'gemumo msilikali akafa ankagona pansi kanthawi kochepa kenako nkungozimirira, udzu nkukhala mbee ngati sipanagwe munthu. Anandiuza tsiku lina tikudya kuti zimenezi sizingatheke, munthu sangangosowa chonchi anzake nkumapitirira ulendo. Ndiye anaika lamulo latsopano. Nkhondo ikatha, gulu lankhondo silisuntha mpaka akufa ataikidwa. Asilikali ena ankapatulidwa kukhala okumba, ndendende adzukulu a kwathu, ndipo aliyense wakufa ankapatsidwa manda akeake, mitumbira ili ndandanda m'mbali mwa phiri. Wosewera akakana kuima, asilikali ake ankataya mtima nkuyamba kumuthawa.

Ha, kunali phokoso m'gulu muja! Ena ankati gemu yawonongeka, iwe uli pamaliro mdani akuthawa nkukasonkhanitsa anzake. Ena ankati ndi lamulo labwino kuposa onse, chifukwa tsopano munthu umaganiza kawiri usanaponye anyamata ako pamoto. Enerst ankayankha aliyense, foni za makasitomala zili mbwee patebulo. Anavomera kufupikitsa nthawi ya maliro, anavomera kuti okwera pamahatchi azitha kuthamangitsa mdani pomwe ena akukumba. Mkangano unkaoneka ngati watha mpaka mtsogoleri wa gululo, mphunzitsi wina wa ku Ulaya, analemba mwaulemu kuti lamulolo likhale, koma pali bodza limodzi. Aroma a nthawi imeneyo akufa awo sankawakwirira athunthu, ankawawotcha. Ngati modi yawo ndi ya zoona, pakhale moto, apo ayi lamulo lonse lichoke.

Mukuganiza kuti Enerst sankadziwa? Munthu wodziwa kuchuluka kwa misomali ya pansi pa nsapato ya Mroma angalephere kudziwa zimenezo? Ankadziwa bwinobwino. Anangowapatsa asilikali ake maliro amene analephera kumupatsa mng'ono wake. Zimenezi ndinazimva ndekha pakhonde, ndikusankha malaya a m'belo, Anwar akumuuza motsitsa mawu.

"Aise, ifenso kwathu sitiwotcha munthu, ndipo ndikaganiza za Medson thupi limandizizira. Koma iwe ndi amene unandikaniza kujambula lamba wabodza. Ukufuna ndijambule manda abodza?"

Enerst anadzuka. Analowa m'nyumba, Anwar nkutsala akupukuta magalasi a mnzake amene anawaiwala pampando.

Dzinja lonse limenelo mlongo wanga anali ngati wodwala. Kudya ankangotola, ndevu osameta, makasitomala ena anayamba kupita kwa mnyamata wa kutsidya kwa msewu. Ndinamulalatira kangapo kuti asiye zidole zakezo, anthu enieni tili pano. Kenako ndinaona wayamba kuwerenganso, ndipo nkhope inayamba kumasuka. Anapeza kuti Aromawo sankawotcha anthu ngati zinyalala. Ankasambitsa thupi, kuitana dzina la malemu mokweza, wachibale nkuyatsa nkhuni nkhope atatembenuzira kumbali. Moto ukazima ankatola mafupa mosamala, kuwaika mumtsuko, nkukaukwirira ndi ulemu wonse. Iye ndi Anwar anazipanga zonsezo m'gemu muja, ndi mtima wonse, mpaka kulira kwa nkhuni zikamathetheka.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi anandiitana kuti ndione. Ndinaona tianthu tating'ono titanyamula mnzawo, ndipo moto utangoyaka ndinatuluka panja. Ananditsatira maso akuwala ngati wapeza mankhwala.

"Achemwali, amayi akaona izi amvetsa. Aona kuti phulusa ndi munthu ndithu, ndipo anthu akuluakulu ankaliika m'manda."

Ndinamuuza mosabisa kuti zimenezo ndi zamisala. Mayi wa kwa Kaphuka, amene ngakhale wailesi yakanema amati imamupweteka maso, ukamuonetse gemu pa nkhani ya mwana wake? Koma Enerst akagwira chinthu ndi nkhupakupa. Ananena kuti apita ndi ine kapena popanda ine, ndipo kabokosi akatenga. Ndinatseka benchi yanga nkumutsatira, poopa kuti kumeneko akayaluka yekha.

Tinapita anthu atakolola. Minibasi inatitsitsa pa Linthipe, nkukwera njinga zamoto, iye chikwama kumsana, laputopu ndi mng'ono wake zili m'chikwama chimodzi. Tinafika masana. Titalonjerana, anapempha kuti amayi, atsibweni a Levi ndi azakhali awiri akhale pakhonde. Anayamba bwino, ndisaname. Anagwada, anapepesa kuti anavomera yekha zimene sizinali zake kuvomera. Atsibweni anagwedeza mutu, ine nkuyamba kuganiza kuti mwina zitheka. Kenako anatsegula laputopu nkuyamba za Aroma, misewu yawo, malamulo awo, kukula kwa dziko lawo.

Atsibweni anamudula mofatsa. Anafunsa ngati Aroma akunenawa ndi omwe aja anakhomera Ambuye pamtanda, amene anyamata a kutchalitchi amawasewera Lachisanu Loyera atanyamula zikwapu. Munthu wanzeru akanazemba. Enerst, ndi choonadi chakecho, anati inde ndi omwewo, kungoti awa ndi agogo awo. Azakhali anayang'anizana, mmodzi nkukoka chitenje kuphimba pakamwa. Atsibweni anati ndiye tikatengere mwambo wa maliro kwa anthu amenewo? Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika. Ndinamutsina Enerst kuti atseke, koma iye anali atadina kale.

Amayi maso awo ndi ofooka, ndiye anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Tianthu tija tinanyamula mnzawo, kumugoneka pa mulu wa nkhuni. Mmodzi anatembenuza nkhope nkuyatsa. Moto unakwera, utsi unakwera, nkhuni zinayamba kuthetheka. Mbali imene Enerst ankafuna kuti aione, ya mtsuko ndi manda, inali isanafike pomwe amayi analankhula.

"Medson anamugoneka pa nkhuni chonchi?"

"Ayi amayi. Kumeneko amalowetsa m'ng'anjo, nkutseka chitseko."

"Anamuitana dzina ndani?"

"Panalibe wa ife, amayi."

Sindidzaiwala kulira kumene kunatuluka mwa mayi anga. Sikunayambe pang'onopang'ono, kunangong'ambika. Anagwa chammbali, akuitana Medson ndi dzina lake laubwana, akumenya pansi ndi manja. Azakhali analandira, inenso ndinapezeka ndikulira zonse zimene ndinazisunga zaka zija. Azimayi a kumjigo anasiya ndowa nkuthamangira kwathu, a kudimba nawonso, ndipo posakhalitsa bwalo linadzaza. Kwathu kulira kotere kukamveka ndiye kuti pagwa maliro, sungakubwezenso m'kamwa. Atsibweni a Levi anatola chipewa chawo nkuuyamba wa kwa amfumu kukapepesa kuti mudzi wamva iwo asanauzidwe, ndi kukapempha manda.

Chimene tinachifuna zaka zonse chinatheka masana amodzi, koma musaganize kuti panali wokondwa. Enerst anatulutsa kabokosi m'chikwama nkukapereka kwa amayi atagwada. Ulendo uno anakalandira, kukafungatira pachifuwa ngati khanda. Kenako anamuyang'ana mwana wawo wamoyoyo ndi maso amene sindinawaonepo.

"Ine ndimamudikira mwana wanga. Iwe wabwera kudzamuwotcha pamaso panga."

Laputopu inali ikadali chiyakire pamphasa, tianthu tija tikukwirira mtsuko wawo mwaulemu, popanda woyang'ana. Ndinaitseka ine.

M'mawa mwake adzukulu anabwera kudzatenga muyeso. Kwathu amadula bango lofanana ndi kutalika kwa malemu, kalipentala nkupangira bokosi, iwo nkukumbira manda. Anaima pakhomo bango lili m'manja, osadziwa choyeza. Mmodzi anati poti kabokosi nkakang'ono, angokumba kadzenje ngati ka mwana wakhanda, ntchito ichepe. Amayi anamva ali m'nyumba. Anatuma azakhali kudzanena kuti Medson sanali khanda, anali bambo wa ndevu zake, ndipo agona m'bokosi la munthu wamkulu, m'manda a munthu wamkulu. Adzukulu anati zamveka, koma muyeso autenga pati?

Onse pamudzipo ankadziwa kuti Medson ndi Enerst ankabwerekana mathalauza, kutalika kunali kumodzi. Palibe anatchula, chifukwa wamoyo sayezedwa ndi bango la kumanda, ndi kumuitanira imfa. Enerst anadzuka pomwe anakhala, kuvula nsapato, nkugona chagada pamphasa ya pakhonde, manja m'mbali. Atsibweni anamuuza kuti adzuke msanga, zimenezo sizichitika. Ine ndinamukoka mwendo ndikumutukwana, misozi ili chuchuchu. Sanasunthe. Anangotseka maso.

Mkulu wa adzukulu anatembenukira kukhomo, kumene amayi anali atatulukira kabokosi kali m'manja. Tonse tinayang'ana komweko. Mawu amodzi okha a mayi akanamudzutsa, ndipo ine ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti aletsa, poti ndi mwana wawo yekhayo wamwamuna wotsala. Anamuyang'ana nthawi yaitali ali gone pamenepo.

"Muyezeni."

Anamuyeza kuyambira kuphazi mpaka kumutu, nkudula bango ndi chikwanje. Medson tinamuika tsiku lomwelo pafupi ndi abambo, kabokosi kali pakati pa bokosi lalitali, nsalu zitazingidwa m'mbali kuti kasagubuduke. Kwaya inaimba, abusa analalika, anthu anadya nkubalalika monga maliro ena onse. Pokwirira, adzukulu anaponya bango lija m'dzenje momwemo, monga amachitira nthawi zonse.

Modi ija inatuluka ndi moto wake, ndipo Anwar akuti anthu a m'gulu muja akuiyamikira kwambiri, ati palibenso ina yoona chonchi. Enerst akadali pa Aroma ake, pano akulimbana ndi zombo zawo. Kumudzi amapita, amayi amamulonjera bwinobwino, kumupatsa madzi ndi mpando ngati mlendo wa kutchalitchi. Iye sadandaula, amati chachikulu Medson anagona kwawo. Koma ine ndinaliona bango lija likulowa pansi, ndipo ndikudziwa kuti ndi la ndani. Masiku ano ndikamuimbira foni nkungoitana osayankhidwa, ndimasiya kaunjika ali pomwepo, kasitomala ali chiimire, nkuthamangira kuseri kwa msika kukasuzumira m'shopu.